Amene munafikako ku Ilha de Moçambique, nsomba zouma mumapikula pati?

Abale anga, makamaka inu ochita geni cha ku Nampula, ndithandizeniko. Ndikufuna kukapikula nsomba zouma za m'nyanja ya mchere ku Ilha de Moçambique. Chilumbachi n'chaching'ono, m'litali makilomita atatu basi, ndipo anthu ambiri amakhala mothinana kudera lotchedwa Makuti, kudalira usodzi wa mabwato a matanga. Koma poti UNESCO inachiika pa malo ofunika kusungidwa mu 1991, alendo amabwera ndithu, ndiye ndikuopa mitengo. Kodi si bwino kugulira kutsidya ku Lumbo, kumenenso amakolola mchere? Nanga mlatho wopapatiza uja wolumikiza chilumbachi ndi kumtunda, lole ya matani atatu amailola kuwoloka? Komanso pobwerera, pa boda ya Chiponde amafuna mapepala anji a nsomba?