Anthu akuika katundu m'dengu koma sakulipira: ndiyambe kukonza pati?

shopu_yazikwama

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi kashopu ka pa intaneti kogulitsa zikwama ndi malamba, zinthu pafupifupi 60, ndipo kamayenda pa WooCommerce, pulogalamu yoyendetsera mashopu a pa intaneti. Ambiri amalowa pa foni. Anthu akubwera ndithu, ena akufika poika katundu m'dengu, koma omaliza kulipira ndi ochepa kwambiri. Tsamba loyamba lili ndi zithunzi zisanu zikuluzikulu zosinthana zokha, katundu ali pansi pake. Munthu asanalipire amayenera kutsegula akaunti, ndipo mtengo wotumizira katundu umaoneka kumapeto. Ndikuganiza zogula theme (kapangidwe ka maonekedwe a masamba) yatsopano n'kusintha mitundu ndi logo kuti shopu ioneke yamakono. Kodi ndiyambe ndi zimenezo, kapena pali chimene ndikuphonya? Ndalama ndi nthawi ndi zochepa, sindikufuna kuziwononga pachabe.

mmisiri_wa_masamba

Theme yatsopanoyo isiyeni kaye. Mwatchula nokha zinthu ziwiri zimene zimathamangitsa ogula, ndipo zonse zili polipirira, osati pa tsamba loyamba.

Choyamba ndi mtengo wotumizira wobisikawo. Munthu akaona mtengo wa chikwama amawerengera m'mutu n'kuvomera. Akafika kumapeto n'kupeza kuti ndalama yakwera, amamva ngati mwamupusitsa, ngakhale yowonjezerayo ikhale yochepa. Bungwe la Baymard Institute, lomwe limafufuza mashopu a pa intaneti, limapeza kuti madengu pafupifupi 70 pa 100 alionse amasiyidwa osalipiridwa, ndipo ndalama zotulukira kumapeto ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amatchula kwambiri. Ndiye mtengo wotumizira ulembeni pa tsamba la chikwamacho, pansi pa mtengo wake, pamodzi ndi masiku amene katundu amatenga kuti afike. Ngati umasiyana malinga ndi dera, m'dengu muikemo posankhira dera, kuti munthu aone ndalama yonse asanalembe ngakhale dzina lake.

Chachiwiri ndi akaunti. Pa WooCommerce lowani mu Settings, pitani pa Accounts & Privacy, ndipo mulole kuti munthu agule popanda akaunti. Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Wogula koyamba sakukudziwani, ndipo kumuuza kuti aganize pasiwedi asanakupatseni ndalama ndi kumuimitsa pakhomo.

Mukatero werengani mabokosi a pa fomu. Pa bokosi lililonse dzifunseni kuti, popanda ili, katundu angalephere kufika? Dzina, nambala ya foni, imelo ndi adiresi n'zokwanira. Bokosi la dzina la kampani lichotseni. Mzere wachiwiri wa adiresi ubiseni, uzioneka munthu akaufuna. Musamulembetse adiresi kawiri. Bokosi la coupon nalonso likhale kachiganizo kakang'ono kodina, chifukwa likakhala poyera lopanda kanthu, munthu amaganiza kuti ena akulipira zochepa, amatuluka kukasaka code, ndipo sabweranso.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono ta pa fomu timene timavutitsa kwambiri pa foni. Dzina la bokosi likhale pamwamba pa bokosilo, osati m'kati, popeza la m'kati limazimiririka munthu akangoyamba kulemba, ndipo akasokonezedwa sadziwanso kuti amalemba chiyani. Bokosi la foni likhale ndi type="tel", la imelo type="email", kuti foni itulutse kiyibodi yoyenera. Ikaninso autocomplete, monga name, tel, email ndi street-address, kuti browser idzaze yokha. Zilembo za m'mabokosi zisachepere 16px, apo ayi Safari ya pa iPhone imakulitsa tsamba yokha munthu akangokhudza bokosi, ndipo batani limathawira kumbali. Wina akalakwitsa, uthenga uoneke pafupi ndi bokosi lomwelo ndipo unene chenicheni, monga "Imeloyi ilibe chizindikiro cha @". Fomu isafufute zonse zimene walemba chifukwa cha cholakwika chimodzi. Nambala ya foni iziloledwa kaya ili ndi mipata kaya ilibe.

Musanakhudze chilichonse, lembani pamene muli lero. Mu Google Analytics 4, chida chowerengera zimene anthu amachita pa tsamba, onetsetsani kuti zinthu zinayi izi zikuwerengedwa: view_item (kuona katundu), add_to_cart (kuika m'dengu), begin_checkout (kuyamba kulipira) ndi purchase (kumaliza kugula). Pamene nambala yagwa kwambiri pakati pa ziwiri zotsatana, vuto lili pamenepo. Ndipo muziona za pa foni pazokha, za pa kompyuta pazokha, chifukwa mukaziphatikiza zimabisana.

liwiro_kaye

Zonse zimene anena a mmisiri_wa_masamba n'zoona, koma zithunzi zisanu zosinthanazo musazilekerere. Munthu amene watopa kudikira kuti tsamba litseguke safika n'komwe pa fomuyo.

Tengani adiresi ya tsamba loyamba ndi ya tsamba limodzi la katundu, muziike mu PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro la tsamba, ndipo muone zotsatira za Mobile. Google imayeza zinthu zitatu. LCP ndi nthawi imene chinthu chachikulu cha pa sikirini chimatenga kuti chioneke, ndipo isapitirire masekondi 2.5. CLS ndi kudumphadumpha kwa zinthu tsamba likamatseguka, isapitirire 0.1. INP ndi kuchedwa kwa tsamba kuyankha munthu akadina, isapitirire 200 ms (gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi). Nambala yaikulu ya pamwamba ija, ya pa 100, musaivutikire kwambiri. Zitatuzi ndi zimene wogula amamva m'manja.

Pa mashopu ang'onoang'ono, cholemetsa kawirikawiri ndi zithunzi zoikidwa mmene zachokera m'kamera: mulifupi 4000px, kulemera 3 MB kapena 5 MB chimodzi. Zisanu zotere pamwamba pa tsamba ndi mtolo umene foni ya netiweki yofooka singanyamule msanga. Chithunzi cha katundu chichepetseni chifike 1200px kapena 1600px mulifupi, chisungeni ngati WebP, mtundu wa fayilo ya chithunzi yopepuka, pa quality ya 75 kapena 80, ndipo nthawi zambiri chimatsika pansi pa 200 KB diso osaona kusiyana. Squoosh imachita zimenezi kwaulere mu browser. Tizithunzi ta pa mndandanda wa katundu sitifunika kuposa 600px.

Zosinthanazo zichotseni, musiye chithunzi chimodzi chosayenda, mawu ochepa onena chimene mumagulitsa, ndi batani limodzi. Ambiri sadikira chithunzi chachitatu, ndipo chikasintha munthu ali pakati powerenga, zimamukwiyitsa.

Zolakwika ziwiri zimene anthu amachita pokonza liwiro. Amaika loading="lazy" pa zithunzi zonse, kuphatikizapo chapamwamba penipeni. Chapamwambacho chisakhale lazy, chifukwa browser imachichedwetsa dala ndipo LCP imaipiraipira. Lazy ndi ya zithunzi za m'munsi, zimene munthu amaziona akatsitsa tsamba. Chinanso, amaiwala kulemba width ndi height pa chithunzi. Popanda zimenezi browser siisunga malo, chithunzi chikafika chimakankhira zonse pansi, ndipo chala chimene chimapita pa batani logulira chimagwera pa chinthu china.

Pomaliza yang'anani ma plugin, timapulogalamu towonjezera pa shopu. Ambiri amawonjezera JavaScript pa tsamba lililonse ngakhale pamene sakufunika: kabokosi kochezera, zotulukira zopempha imelo, zoonetsa zithunzi za Instagram. Pangani backup, muzimitse imodziimodzi, mukuyeza mukazimitsa iliyonse. Mafonti akhale awiri basi. Poyesa musadalire kompyuta yanu ya pa Wi-Fi, chifukwa inasunga kale zithunzi zonse. Tengani foni ya Android yotsika mtengo, zimitsani Wi-Fi, mutsegule shopu pa Incognito.

diso_la_wogula

Ndiwonjezerepo za tsamba la katundu, chifukwa m'pamene munthu amasankha, ndipo ambiri ochokera pa Google kapena Facebook amafikira pomwepo, tsamba loyamba osaliona n'komwe. Pa mfundo imeneyi ndikusiyana pang'ono ndi a liwiro_kaye: zosinthanazo zichotsedwe inde, koma nthawi yambiri ipite ku masamba 60 a katunduwo.

Tsegulani tsamba limodzi pa foni, musatsitse. Pa sikirini yoyambayo payenera kuoneka chithunzi, dzina ndi mtengo, ndipo batani loika m'dengu likhale pomwepo kapena pafupi kwambiri. Ngati theka la sikirini ladyedwa ndi logo ndi menyu, chepetsani mutuwo. Batanilo likhale la mtundu umene palibe china pa tsambalo chili nawo, ndipo likhale lalikulu mokwana chala: Apple imalangiza 44px mulitali ndi 44px mulifupi, Google 48px. Mawu otuwa pa malo oyera amaoneka okongola pa kompyuta, koma panja pa dzuwa sawerengeka. Malamulo a WCAG, othandiza kuti aliyense athe kugwiritsa ntchito masamba a pa intaneti, amafuna kusiyana kwa 4.5 pa 1 pakati pa zilembo wamba ndi kumbuyo kwake, ndipo Lighthouse ya mu Chrome imakuuzani pamene mwaperewera.

Wogula chikwama pa intaneti sangachigwire, ndiye zithunzi zigwire ntchito ya manja ake. Chikwama chilichonse chikhale ndi zithunzi zinayi kapena zisanu: kutsogolo, kumbuyo, m'kati chili chotsegula kuti matumba aoneke, pafupi pa zipi ndi msoko, ndi china munthu atachikoleka paphewa. Chomalizachi n'chofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Chikwama chojambulidwa chokha pa malo oyera sichidziwika kukula kwake, ndipo katundu wambiri amabwezedwa chifukwa wogula amayembekeza chachikulu. Lembani miyeso m'masentimita, koma muwonjezere mawu omveka msanga, monga "laptop ya mainchesi 14 imalowa". Pa malamba nenani poyezera, kuyambira pa chitsulo chomangira kufika pa bowo lapakati, popeza anthu amasokoneza saizi ya lamba ndi ya thalauza. Mayina ngati "Chikwama 014" sathandiza wogula kapena Google. Lembani "Chikwama chachikopa cha paphewa, chakuda".

Mitundu ndi masaizi zikhale timabatani tooneka tonse, osati mndandanda wobisika wofunika kuutsegula. Chimene chatha chioneke kuti chatha munthu asanadine. Akaika m'dengu, pazituluka uthenga wooneka bwino ndipo nambala ya pa dengu isinthe. Pakapanda chizindikiro amadina katatu, n'kukapeza zikwama zitatu m'dengu.

Shopu yaing'ono imavutikanso ndi kukhulupiriridwa. Pafupi ndi batani lembani chiganizo chimodzi cha kabwezedwe ka katundu: masiku angati, ndipo amalipira kutumiza ndani. Njira yolankhulirana nanu ioneke pa tsamba lililonse. Ndemanga za ogula zikhale zenizeni, ngakhale zitatu zokha.

Tsopano chimene chingakuphunzitseni kuposa ife tonse. Pezani anthu asanu osaidziwa shopuyo, aliyense payekha, pa foni yake. Mupatseni ntchito yeniyeni: "Pezani chikwama chakuda cholowa laptop, mugule." Mumupemphe azilankhula zimene akuganiza, inu mukhale chete, cholembera m'manja. Akasowa polowera musamulozere, chifukwa pamene wasokonekerapo ndi pamene mukufuna. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka masamba, analemba mu 2000 kuti anthu asanu amaulula pafupifupi 85 pa 100 ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito ka tsamba. Musawafunse kuti "yakongola?" Adzati eya pofuna kukusangalatsani. Onani pamene chala chaima.

shopu_yazikwama

Zikomo kwambiri nonse. Funso limodzi: ndikachotsa akaunti, ogula akale ndiziwadziwa bwanji? Komanso ndinawerenga za A/B testing, kuonetsa anthu ena tsamba lamtundu wina ndi ena lamtundu wina, kodi ndiziyesa mabatani awiri ndione lopambana?

mmisiri_wa_masamba

Simutaya kanthu. Oda iliyonse imasunga dzina, imelo ndi foni, kaya munthu ali ndi akaunti kaya ayi. Akauntiyo muipereke pambuyo, pa tsamba lothokoza: "Mukufuna kusunga adiresiyi kuti ulendo wina musalembenso? Sankhani pasiwedi." Apo munthu walipira kale ndipo akuona phindu lake. Za kumutumizira mauthenga otsatsa malonda, mupempheni padera ndi kabokosi kamene adzachonge yekha.

A/B testing isiyeni. Imafuna maoda mazanamazana mbali iliyonse kuti kusiyana kukhale kodalirika. Ndi maoda ochepa pa mlungu, batani limodzi lidzaoneka ngati lapambana pomwe zangochitika mwamwayi. Kwa inu njira ndi iyi: mlungu uno lolani kugula popanda akaunti, onetsani mtengo wotumizira, dulani mabokosi a fomu. Mlungu wamawa zithunzi ndi ma plugin. Kenako masamba a katundu, kuyambira ndi khumi amene amaonedwa kwambiri. Lembani tsiku limene mwasintha chinthu chilichonse, ndipo muyerekeze milungu inayi ya kale ndi inayi ya pambuyo, mukukumbukira kuti mwezi wa chikondwerero sufanana ndi mwezi wamba.

liwiro_kaye

Chinthu chimodzi chisanaiwalike: lero lomwe gulani nokha chinthu chotsika mtengo m'shopu yanu, pa foni, ndi ndalama zenizeni, mpaka imelo yotsimikizira ifike. Nthawi zina vuto si maonekedwe ayi. Njira yolipirira imakhala itasiya kugwira ntchito plugin itasinthidwa, kapena plugin ya cache, yosunga makope a masamba kuti azitseguka msanga, ikusunga tsamba la dengu ndi lolipirira, zimene zimachititsa kuti dengu lizioneka lopanda kanthu kapena kuti kulipira kuzikanika. Masamba a dengu, olipirira ndi a akaunti achotseni pa cache. Yesaninso kulipira kokanika dala, muone ngati uthenga wake ukumveka ndiponso ngati katundu watsala m'dengu. Imelo ija muyang'anenso ngati siikugwera mu spam. Muzibwereza zimenezi nthawi iliyonse mukasintha theme kapena plugin yolipirira.