Ana akuloweza manotsi koma saganiza: tingatani m'kalasi la ana 50?

Mphunzitsi wa ku Mabvuku

Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Kalasi ndi la Fomu 3, ana oposa 50, phunziro la mphindi 35. Manotsi amaloweza bwinobwino, koma funso likangoti "fotokoza chifukwa chake", onse amangoti zii. Mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso muno mu Zimbabwe, nawo sadikira munthu. Kodi mwana timamuphunzitsa bwanji kuganiza mozama popanda kusiya silabasi panjira?

Mphunzitsi wa Mbiri, Highfield

Aphunzitsi, musapatule tsiku loti lero tiphunzira kuganiza. Mwana sangasinkhesinkhe nkhani imene sakuidziwa, choncho gwiritsani mutu womwewo uli mu silabasi.

Tengani Great Zimbabwe, mzinda wakale wa miyala uja. Atsamunda ena ankati mzindawo anamanga ndi alendo, monga anthu a ku Phoenicia. David Randall-MacIver atafukula malowo mu 1905, kenaka Gertrude Caton-Thompson mu 1929, onse anapeza kuti omanga anali anthu a mu Africa momwe muno. Lembani timawu tiwiri, mbali iliyonse kake, kasapitirire mizere 6. Pa bolodi jambulani madanga atatu: akunena chiyani, umboni wake ndi uti, tikamukhulupirira apindula ndani. Danga lachitatuli ndi limene limatsegula ana m'maso, chifukwa amadzionera okha kuti wolanda dziko anali ndi chifukwa chokanira kuti eni nthaka angamange zotere.

Nthawi igaweni motere: mphindi 5 kuwerenga, 5 aliyense kulemba yekha m'kope, 8 kukambirana awiriawiri, 12 kalasi lonse, ndipo 5 zomaliza aliyense alembe ndime imodzi yokhala ndi mawu oti "chifukwa". Kulemba payekha kuja musakudumphe. Mukakudumpha, ana ochenjera atatu amalankhula ndipo ena onse amangovomera. Magulu a ana 8 nawonso ndi kutaya nthawi: mmodzi amalemba, ena akucheza za mpira.

Mayi wa Sayansi, Dzivarasekwa

Zoona zimenezo abambo. Ndionjezerepo za kafunsidwe. Mary Budd Rowe, katswiri wa maphunziro wa ku America, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso. Akadikira masekondi atatu kapena kupitirira, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesako. Tsono funsani, muwerenge chamumtima mpaka 5, kenaka mutchule dzina nokha osayang'ana manja okwezedwa. Mwana akayankha musafulumire kunena kuti "wakhoza". Mufunseni kuti "Wadziwa bwanji?", kenaka mufunse mnzake ngati umboniwo wamukwanira. Samalaninso nkhope yanu, ana amawerengapo yankho.

Chitsanzo chabwino ndi madzi. Lembani pa bolodi kuti "Madzi akakhala oyera mbee ndiye kuti ndi abwino kumwa." Ambiri avomera. Akumbutseni za kolera ya mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro mu Harare, muwafunse ngati tizilombo take timaoneka ndi maso. Akatero alembe okha mafunso atatu oyenera kufunsa asanamwe madzi a pa mjigo kapena pachitsime. Mauthenga a pa WhatsApp onena za mankhwala ochiza matenda onse aunikeni mwa njira yomweyi: walemba ndani, anayesa pa anthu angati, akugulitsa chiyani.

Pokambirana awiriawiri aloleni alankhule Chishona kapena Chichewa, Chingerezi chibwere polemba. Ana ambiri amene timati saganiza, maganizo ali nawo, chimawamanga lilime ndi chilankhulo. Paja malamulo a dziko lino a 2013 amazindikira zilankhulo 16, Chichewa chathu chili momwemo.

Mphunzitsi wa Masamu, Mufakose

Mayi, pali chimodzi chimene sitinachikhudze. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno satsutsana ndi wamkulu, ndiye kukhala chete kwake nthawi zina ndi ulemu. Mpatseni mawu aulemu otsutsira, akhale pakhoma chaka chonse: "Aphunzitsi, ine ndikuona mosiyana chifukwa..." ndi "Umboni wake uli pati?"

Kamodzi pa sabata lengezani kuti mu ntchito ya pa bolodi muli cholakwa chimodzi, achipeze. Mwachitsanzo: wogulitsa ku msika wa Mbare Musika watsitsa thumba la mbatata la $10 ndi 20%, mawa lake walikwezanso ndi 20%, ndiye kuti labwerera pa $10. Ambiri avomera. Wowerengera apeza kuti latsika kufika $8, nkukwera kufika $9.60, popeza 20% yachiwiriyo ikuchokera pa $8. Kumbukirani kukonza cholakwacho belu lisanalire, kupanda kutero ena achikopera m'kope ngati choona.

Kachongedwe kasinthenso. Pa mamalikisi 5, yankho lipate 1, umboni 2, kufotokoza chifukwa 2. Mukamapereka onse 5 kwa wongobwereza manotsi, ana apitiriza kuloweza ngakhale muwafunse bwino chotani.

Mphunzitsi wa ku Mabvuku

Zikomo kwambiri nonse. Abambo a ku Highfield, makope 50 aja mumachonga ndime zonse, kapena pali njira yachidule?

Mphunzitsi wa Mbiri, Highfield

Chongani makope 10 pa phunziro lililonse mosinthasintha, osaneneratu kuti lero ndi a yani. Otsalawo asinthane makope, aliyense adule mzere pansi pa umboni wa mnzake. Akausowa alembe m'mphepete kuti "umboni uli kuti?", mwini kope akakonze kunyumba.