Ndapeza yankho la chithunzi chija cha Atate atanyamula Yesu

Mwezi watha ndinafunsa za chithunzi chimene ndinachiona pa khadi lachipepeso mayi anga atamwalira: n'chifukwa chiyani mtembo wa Yesu wanyamulidwa ndi Mulungu Atate, osati Maria monga tinazolowera? Zikomo nonse amene munandithandiza kufufuza.

Anachijambula El Greco, mmisiri wobadwira pachilumba cha Crete ku Greece, pakati pa 1577 ndi 1579, atangofika kumene ku Toledo m'dziko la Spain. Chinali pamwamba penipeni pa guwa la tchalitchi cha Santo Domingo el Antiguo, ndipo lero chili ku Prado, nyumba yosungiramo zojambula mumzinda wa Madrid. Chimaonetsa Utatu Woyera: nkhunda m'mwamba, angelo m'mbali, Mwana pamiyendo pa Atate. Kakonzedwe kake anatengerako kwa Dürer, mmisiri wojambula wa ku Germany.

Koma chandigwira mtima ndi china. Magazi ndi ochepa kwambiri, mabala ake mpaka uchite kuyang'anitsitsa. Thupi lalefuka, mutu wagwera kumbali, ndipo Atate aweramira pa Mwana wawo atamugwira m'nthiti ngati kholo lililonse pa siwa. Sakuweruza aliyense, angomufungatira. Ndakhala ndikuyang'ana manja amenewo usiku uliwonse, ndipo khadi lija ndaliika m'buku la nyimbo la mayi.