Chithunzi cha A1 chikuchita mafunde mu felemu, thandizeni

Wa studio ku Chinamwali: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Chithunzi cha graduation cha A1, chinachokera ku Blantyre chokulunga mu chubu, ndinamata pa hadibodi ndi guluu woyera wa matabwa uja m'makona ndi m'mbali basi, galasi pamwamba. Mvula itangoyamba kasitomala wabwera nacho chachita mafunde pakati ponse, penanso chakakamira ku galasi.

Kalipentala wa ku Matawale: Guluu woyerayo ngwamadzi amwene. Pepala likamwa chinyezi limatambasuka, nde poti m'mbali mwamanga lilibe kopita limangotukuka pakati. Hadibodinso ukamata mbali imodzi yokha imapinda ngati uta, ine ndimamata pepala lina kumbuyo kuti zikokane mofanana.

Mayi wa mafelemu, Mpondabwino: Kumata theka ndi komwe kwakupwetekani achimwene. Kaya mumate ponseponse, kaya musamate n'komwe. Choyamba chikachoka mu chubu musathamange, chigoneke pa tebulo pakati pa mapepala oyera, ikani thabwa pamwamba chigone mpaka mawa. Mukafuna kumata pezani foam board (bolodi yopepuka yokhala ngati siponji pakati) ya 5mm ndi guluu wa spray kapena pepala lomata mbali zonse lija, muyambe mbali imodzi mukusisita ndi rola pang'onopang'ono mpweya uzithawira kutsogolo, ndipo mukhale awiri chifukwa A1 ndi 594 x 841mm, munthu mmodzi sungagwire uku ukusisita, chikangogwa mokhota sichimatukanso.

Wa studio ku Chinamwali: Nanga osamata n'komwe chikhala bwanji mayi, sichitsetsereka?

Mayi wa mafelemu, Mpondabwino: Timatepi tiwiri m'mwamba mokha, chizilendewera, mat (katoni yoboola pakati yozungulira chithunzi) igwire m'mbali. Koma pa A1 ndi chinyezi cha kuno ku Zomba kunsi kwa phiri mafunde pang'ono mudzawaonabe, ine size imeneyo ndimamata. Selotepi wamba ayi ndithu, amadetsa chikasu kenako n'kumatuka.

Wa ma signpost ku Sadzi: Ife timagwiritsa aluminium composite (bolodi ya aluminium mbali zonse, pulasitiki pakati) ya 3mm, siwonongeka ndi madzi olo chiperoni chikhale sabata yonse. Mtengo wake bola mumuuziretu kasitomala asanadabwe kkkk.

Kalipentala wa ku Matawale: Felemunso muzisiya mpata wa 2 kapena 3mm, bolodi isalowe mothina. Ndipo galasi lisakhudze chithunzi, ikani mat kaya timizere ta katoni mobisa m'mphepete. Kumbuyo tsekani ndi tepi ya bulauni, m'makona apansi tizidutswa ta labala kuti mpweya uzidutsa, makoma ambiri kuno amatuluka thukuta January.

Wa studio ku Chinamwali: Zamveka. Nanga chomwe chakakamira ku galasichi chingapulumuke?

Mayi wa mafelemu, Mpondabwino: Musachikoke, nkhope idzatsala pa galasi. File muli nayo eti? Kapulintitseninso, mumuuzenso mwini wake achotse pa khoma loyandikana ndi bafa ngati ndi pomwe anapachika.