Free Jazz ya Ornette Coleman, nyenyezi 5 kapena ziro?

Kaligo77:
Abale ndithandizeni. Usiku wathawu ndimamvera chimbale cha Ornette Coleman chija cha Free Jazz, cha 1961, anthu amachitama kwambiri koma ine mphindi khumi zokha mutu unayamba kuwawa. Zimangomveka ngati aliyense akuimba zake. Kodi chitangotuluka olemba za nyimbo anachilandira bwanji? kapena vuto ndi makutu angawa?

MkuluWaSax:
Makutu anuwo ali bwinobwino achimwene, ngakhale nthawi imeneyo anthu anakangana. Mu 1962 magazini ya DownBeat inapatsa anthu awiri kuti achiunike, Pete Welding anapereka nyenyezi 5, John Tynan sanapereke ngakhale imodzi, ziro weniweni, m'magazini imodzimodziyo. Tynan yemweyo ndi uja anatcha zoimba za John Coltrane, woimba sax uja, ndi Eric Dolphy kuti "anti-jazz" mu 1961, ndiye poti Dolphy alimonso m'chimbalechi mukhoza kuona kuti mkuluyu anamvera mtima uli kale m'mwamba.

NaBesi:
Mwamvera pa chani? Ngati ndi ka sipika ka foni ndiye mwadzilakwira nokha. Awa ndi mabandi awiri a anthu anayianayi akuimba nthawi imodzi, valani mahedifoni. Khutu lakumanzere kuli Ornette pa alto sax, Don Cherry pa lipenga, Scott LaFaro pa besi ndi Billy Higgins pa ng'oma, lakumanja Dolphy pa bass clarinet, Freddie Hubbard pa lipenga, Charlie Haden pa besi ndi Ed Blackwell pa ng'oma. Ine ndinayamba ndi kuvula mbali imodzi kaye, ndi pomwe ndinamva kuti ng'oma sizinataye bit ayi, ndipo Ornette akaponya kamzere kake kokhala ngati blues enawo amamuyankha. Si chipwirikiti chokhachokha monga ankanenera Tynan.

Chidzukulu_B:
Ine ndinene zoona, Tynan ndimamumvetsa pang'ono. Nyimbo imodzi mphindi 37, malipenga onse akuphokoserana, pena zimatopetsadi. Lero aliyense amati classic chifukwa dzina la chimbalecho linasanduka dzina la mtundu wonse wa nyimbo, komanso Coltrane anadzatsatira ndi chimbale cha Ascension chojambulidwa mu 1965, koma ndi angati amachimvera mpaka kumapeto? Ine pomwe pamandikomera ndi chakumapeto, malipenga akakhala chete n'kutsala Haden ndi LaFaro.

MkuluWaSax:
Apo pa ma besi ndavomera. LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto mu July 1961 chimbalecho chisanatuluke n'komwe, ndikamamva gawo lakelo zimandikhudza.

Kaligo77:
Ndinalidi pa sipika ya foni kkkk. Gawo la ma besilo sindinafikeko n'komwe, ndiyesanso madzulo ano, ndiyambira khutu lakumanzere.