Kadi yanga ya netiweki sikugwira pa kernel 6.1, ndidikire update kapena ayi?

Kadziotche:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi seva yaing'ono yosungira mafayilo a kuntchito, ndipo ikuyendera Linux, kernel 6.1 ya LTS (mtundu wa kernel umene umasamalidwa kwa zaka zingapo). Sabata yatha ndinagula kadi yatsopano ya netiweki n'kuibaya. Ndikalemba lspci ikuoneka bwinobwino, koma ip link ikungonditchulira kadi yakale ija basi. Nditayatsira pa flashi yokhala ndi kernel 6.12, kadiyo inagwira pompo. Chikundizunguza mutu n'choti ma update ndimalandira pafupipafupi, nambala yakumapeto ija imangokwera. Ndiye m'ma update amenewa mumabwera chiyani ngati driver wanga sabweramo?

Nachisale77:
Achimwene, vuto lenileni mwalipeza kale nokha, chatsala n'kudziwa njira imene chigamba (patch, kusintha kwa code ya kernel) chimadutsa. Palibe chimene chimalowa mu LTS chisanalowe mu mainline, kernel yaikulu imene Linus Torvalds amatulutsa pakatha masabata 9 kapena 10. Zatsopano zonse, kuphatikizapo ma driver, zimalowera kumeneko m'masabata awiri oyamba aja a merge window. Ma LTS amawasamala ndi Greg Kroah-Hartman ndi Sasha Levin, ndipo iwo amangotola zigamba zimene zalowa kale kumtundako n'kuzibwezera m'mbuyo.

Amazidziwa bwanji zoti atole? Wolemba chigamba akamadziwa kuti akukonza vuto lakale, amaika mzere wa "Cc: stable" pansi pa uthenga wake, ndipo chikangolowa kwa Linus chimatengedwa. Ena amaiwala, koma amakhala ataika mzere wa "Fixes:" wotchula commit (kusintha kumene kunalowa kale mu code) imene inabweretsa vutolo. Sasha alinso ndi pulogalamu yake, AUTOSEL, imene imafufuza zigamba zooneka ngati zokonza ngakhale eni ake sananene kanthu. Pulogalamu imeneyi anthu ena amaidandaula kuti imatola ndi zosafunika zomwe, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ndipo inunso mukhoza kupempha, bola mutchule commit yake ndi chifukwa.

Tsopano malamulo awo amati chigamba chikhale chokonza vuto lenileni limene likusautsa anthu, ndipo chisapitirire mizere 100. Driver watsopano sangakwane pamenepo. Mwayi ulipo umodzi: ngati driver alipo kale mu 6.1 koma sakungodziwa nambala ya kadi yanu, kuwonjezera device ID amalola. Lembani lspci -nn, muone manambala ali kumapeto, kenako pa 6.12 paja lembani lspci -k muone dzina la driver amene wagwira.

Kadziotche:
Zikomo achemwali. Ndayang'ana. Dzina la driver ndalipeza, koma modinfo pa 6.1 ikuti module imeneyo kulibe. Ndiye kuti si nkhani ya nambala chabe.

Nachisale77:
Basi, musadikirenso. Sabwera ameneyo.

Gogo_Unix:
Ndiwonjezereko pang'ono, chifukwa mawu oti LTS amasokoneza ambiri. Zimene afotokoza mayiwa ndi za kernel.org. Koma kernel imene ili pa makina anu yadutsanso m'manja mwa eni distro (mtundu wa Linux umene munaika, monga Debian kapena Ubuntu), ndipo aliyense ali ndi khalidwe lake. Debian 12 imatsatira 6.1 mokhulupirika ndithu. Red Hat ndi ina: RHEL 8 inatuluka mu 2019 ndi 4.18, ndipo nambala imeneyo sinasinthe, pamene m'kati mwake anadzazamo ma driver ndi zinthu zambirimbiri zochokera m'ma kernel apatsogolo. WireGuard, pulogalamu ya VPN, inalowa mu mainline pa 5.6 mu 2020, koma Ubuntu 20.04 inabwera nayo pa 5.4 chifukwa anaibweza okha. Choncho uname -r payokha siikuuzani zimene muli nazo.

Onani ngati distro yanu ili ndi kernel yatsopano yoikonzera anthu ngati inu. Ku Debian amati backports, ku Ubuntu amati HWE. 6.12 nayonso ndi LTS, inatuluka mu November 2024, ndiye simukulumphira m'tchire ayi.

Tsabola_Wakale:
Ine ndimagwirizana ndi kuuma mtima kwa a stable, osamala ma LTS aja, ngakhale kumawawa. Kubweza chigamba si kukopera chabe. Code ya mu 6.1 ndi ya mu mainline zinasiyana kale, moti zigamba zina zimakana kulowa, ndipo Greg amatumizira mwini wake uthenga woti FAILED kuti akonze yekha mtundu wokwanira pa kernel yakaleyo. Akapanda kuyankha, nthawi zambiri vutolo limangokhala. Zoopsa kwambiri ndi zimene zimalowa bwinobwino koma zikudalira chigamba china chimene chatsala. Mu December 2023 zinachitika pa 6.1.64: chigamba cha ext4, dongosolo losungira mafayilo pa disiki, chinabwezedwa popanda chinzake, ndipo chikanatha kuononga mafayilo a anthu. A Debian anachita kuimitsa 12.3 n'kutulutsa 12.4 m'malo mwake. Chonsecho chinali chigamba chaching'ono, chinadutsanso m'maola 48 aja amene amapereka kuti anthu ayese isanatuluke. Nanga akanamalola ma driver athunthu?

Zikuluzikulu zimalowa pokhapokha moto ukabuka, ngati mu January 2018 pa nkhani ya Meltdown, vuto la chitetezo la m'ma processor, pamene chitetezo chake chinafika mpaka ku 4.9 ndi 4.4. Kadi yanu si moto wotero, pepani.

Kadziotche:
Ndamva akuluakulu. Ndaika 6.12 yochokera ku backports, ndipo 6.1 ndaisiya mu GRUB, posankhira kernel poyatsa makina, kuti zikavuta ndibwerere. Kadi yayaka. Chokhacho dzina lake ndi lina, ndiye ndakhala theka la ola ndikudabwa kuti bwanji sikulandira IP, osadziwa kuti mu fayilo ya netiweki ndasiyamo dzina la kadi yakale.