Tinayendadi mu Cotswold Way ndi amayi

Mwezi watha ndinafunsa za njira ya kumidzi ya ku England yomwe ndingayendemo ndi amayi anga, omwe bondo limawavuta. Ambiri munatchula Cotswold Way. Zikomo kwambiri, Loweruka lapitali tinapitadi.

Njira yonseyo ndi makilomita 164, kuchokera ku Chipping Campden mpaka ku Bath, koma ife tinangoyenda chigawo choyamba chokafika ku Broadway, pafupifupi makilomita 10. Sitinasochere, tinkangotsata zikwangwani zokhala ndi chithunzi cha kambewu ka mtengo wa oak. Pa Dover's Hill amayi anaima nthawi yaitali, akuyang'ana chigwa chobiriwira ndi nkhosa zikudya msipu pafupi pomwepo. Anangoti, "Mwanawe, tikhale kaye pansi." Tinamwera tiyi wa m'fulasiki pamenepo.

Chomwe sindinachiganizire ndi chitsikiro chochokera ku Broadway Tower, nsanja yomwe ili pamwamba pa phiri musanafike ku Broadway. Kukwera kunali bwino, koma potsika bondo linayamba kuwawa, ndiye mvula inali itagwa dzulo lake, matope ali tererere. Tinatsika pang'onopang'ono, nditawagwira mkono. Amene mukufuna kupita ndi achikulire, musasiye ndodo yoyendera, komanso nsapato zikhale zogwira pansi.

Amayi akufunsa kale za chigawo chopita ku Stanton.